Njere za nkhaka za haibulidi si zosunga

Achimwene, mwafunsa ngati mungasunge njere za nkhaka zanu za haibulidi kuti mudzabzalenso. Ine ndingati musadzivutitse. Paketi ikalembedwa F1 ndiye kuti mbewuyo anaipanga pokwatitsa mitundu iwiri yosiyana, ndipo ubwino wake umathera pa kubzala koyambako. Njere zosungazo zimera ndithu, koma zimabereka mosiyanasiyana: zina zazifupi, zina zokhota, zina kungoyanga masamba basi. Zosunga ndi za zipwete zakumudzi zija.

Gulani paketi ina, padimba lapakhomo mapando 10 ndi okwana. Mubzale motalikirana masentimita 40 mpaka 50, m'phando muike manyowa owolerana bwino, kenako muzike nsungwi kuti ziziyanga m'mwamba. Nkhaka yogona padothi lonyowa sichedwa kuwola.

Pa madzi ndiye musachite ulesi, makamaka dzuwa la Okutobala likafika. Ikamva ludzu imawawa, ana sangaidye. Thirirani m'mawa patsinde, osati pamasamba, kuopa matenda amene amagwira masamba onyowa.

Pakatha masiku 50 mpaka 60 mwayamba kuthyola. Muzithyola zikadali zobiriwira, chifukwa imodzi ikakhwima mpaka kuchita chikasu, mtengowo umachepetsa kubereka.