Kodi muzu wa yellow dock ungalowe m'malo mwa mapiritsi owonjezera magazi?

Mayi ena amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, mzinda wa ku Britain, anditumizira imelo sabata ino. Akuti adokotala atawayeza anapeza kuti magazi awo ndi ochepa, ndiye anawapatsa mapiritsi a ayironi otchedwa ferrous sulfate. Chiyambire kumwa mapiritsiwo akhala akudzimbidwa, ndipo chimbudzi chikutuluka chakuda bii. Mnzawo wa kuntchito wawauza kuti asiye zimenezo, agule muzu wa yellow dock, poti umawonjezera magazi, umatsuka chiwindi komanso umafewetsa m'mimba. Funso lawo ndi lakuti, kodi atero?

Mayi, mapiritsiwo musasiye. Pa zinthu zitatu zimene mnzanuyo watchula, chimodzi chokha ndi chimene ndingachivomereze, chofewetsa m'mimbacho.

Chomerachi mumachipondaponda tsiku ndi tsiku osachidziwa. Akatswiri amachitcha Rumex crispus, kwawo ndi ku Ulaya ndi kumadzulo kwa Asia, ndipo ku Britain chimamera paliponse, m'mbali mwa msewu, m'mphepete mwa njanji, m'mabusa a nkhosa. Alimi akumeneko amadana nacho moti lamulo la Weeds Act la mu 1959 linachiika pa mndandanda wa zomera zisanu zowononga minda. Masamba ake ndi ataliatali, opotanapotana m'mphepete, ndipo nyengo yozizira ikamayandikira njere zake zimauma n'kusanduka zofiirira, phesi lili chilili. Mukachizula mumapeza muzu umodzi wolunjika pansi, kunja wakuda, mkati wachikasu. Mukauluma umawawa ndipo umagwira lilime ngati nthochi yosapsa. Zoti chinthu chimene mlimi amalipira ndalama kuti achichotse chikugulitsidwa m'kabotolo kokongola, imeneyo ndi nkhani ina.

Chikasu cha mkaticho chimachokera ku mankhwala a gulu la anthraquinone, monga emodin ndi chrysophanol. Gulu lomweli ndi limene limapezeka mu senna, mankhwala otsegula m'mimba amene amagulitsidwa ku famase. Akafika m'matumbo aakulu, tizilombo tabwino ta mmenemo timawasintha, ndiye amachititsa matumbo kufinya ndi kusunga madzi ambiri m'chimbudzi. Pakatha maola angapo, kawirikawiri usiku umodzi, munthu amapita kuchimbudzi. Muzuwu ndi wofatsa kuposa senna, komanso uli ndi mankhwala ena otchedwa tannin, aja ogwira lilime, amene amamanga m'mimba pang'ono. Apa palibe chotsutsa, anthu a ku Ulaya ndi ku America akhala akuugwiritsa ntchito motere kwa zaka mazanamazana.

Za magazi ndiye pamene pali vuto. Asing'anga azitsamba akale a kumeneko ankati muzuwu umayeretsa magazi, ndipo ankaupereka kwa anthu a zilonda zapakhungu ndi ofooka. Mawu akuti uli ndi ayironi wambiri amangobwerezedwa kuchokera m'buku lina kupita m'buku lina, koma palibe kafukufuku wodalirika wa pa anthu wosonyeza kuti umachiza kuchepa kwa magazi. Tangoganizani. Piritsi limodzi la ferrous sulfate la 200 mg lili ndi ayironi wokwana 65 mg. Kapu ya madzi owiritsa kachidutswa ka muzu singayandikire n'komwe pamenepo. Choipanso n'chakuti tannin uja amagwira ayironi m'matumbo kuti asalowe m'thupi, chimodzimodzi tannin wa mu tiyi. Ndiye mukamwera pamodzi muzuwo ndi piritsi, mukhoza kuchepetsa ngakhale phindu la piritsilo. Zotsuka chiwindi sindichedwapo. Chiwindi chabwinobwino chimadzigwirira chokha ntchito yake, chodwala chimafuna chipatala.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi china. Kuchepa kwa magazi kumakhala ndi gwero lake. Bungwe la WHO limati mayi amene si woyembekezera ali ndi magazi ochepa ngati hemoglobin, chinthu chofiira chonyamula mpweya m'magazi, yatsika pansi pa 12 g/dL, ndipo woyembekezera pansi pa 11, kupatula m'miyezi itatu yapakati ya mimba pamene malire ndi 10.5. Pa pepala lanu la zotsatira la ku Britain mwina alemba 120 g/L, ndi chimodzimodzi 12 g/dL. Koma nambala sikuuzani kumene magazi akupita. Kwa amayi ambiri ndi msambo wochuluka, nthawi zina chifukwa cha zotupa za m'chiberekero, zimene zimapezeka kwambiri mwa ife akuda. Ena magazi amatayika mwakachetechete m'mimba. Ngati munabwera kumudzi posachedwapa, auzeni adokotala, chifukwa malungo, likodzo ndi njoka za m'mimba zonse zimamaliza magazi, ndipo dokotala wa ku Leeds sangaziganizire msanga mukapanda kutchula. Muzu wogula pa intaneti sungakufunseni mafunso amenewa.

Nanga kudzimbidwako? N'kodziwika, anthu ambiri amasiya mapiritsiwa pa chifukwa chomwecho. Chimbudzi chakuda pa munthu womwa ayironi si chodabwitsa, pokhapokha chikakhala chonanda ngati phula, chonunkha modabwitsa kapena cha magazi, apo thamangirani kuchipatala. Bwererani kwa adokotala kapena kwa a ku famase muwauze mmene mukumvera. Malangizo amakono a ku Britain amalola piritsi limodzi patsiku, kapena kudumphitsa tsiku limodzi ngati m'mimba mukuvuta, ndipo ayironi amalowabe bwino. Akhozanso kukusinthirani ku mapiritsi ena a ayironi monga ferrous fumarate kapena ferrous gluconate. Tiyi wamkaka amene amamwedwa kangapo pa shifiti mumutalikitse ndi piritsi kwa ola limodzi kapena awiri. M'malo mwake mwerani madzi a malalanje, kapena a malambe ngati muli ndi ufa wake, poti vitamini C amathandiza ayironi kulowa. Chiwindi cha ng'ombe, nyama yofiira, nyemba, masamba obiriwira, ndi usipa ngati wina wakubweretserani, zonsezi zimathandiza, ngakhale sizilowa m'malo mwa mankhwala magazi akatsika kale.

Ngati mukufunabe kuuyesa muzuwu pa kudzimbidwa kokha, uzani kaye adokotala, ndipo musapitirire sabata imodzi. Mankhwala onse a gulu la senna akamwedwa nthawi yaitali amapotokola m'mimba ndi kutsitsa potaziyamu m'thupi, zomwe n'zoopsa kwa omwa mankhwala a mtima otchedwa digoxin kapena mapiritsi okodzetsa a BP. Woyembekezera, woyamwitsa, mwana, ndi aliyense amene ali ndi vuto la impso kapena anakhalapo ndi timiyala ta mu impso asauyandikire. Chomerachi chili ndi mankhwala otchedwa oxalate, makamaka m'masamba, amene amamanga kashiamu ndi kuwononga impso. Nkhosa zafapo zitadya masambawa mochuluka, ndipo mabuku azachipatala ali ndi nkhani ya munthu amene anamwalira atawadya. Ndikutchula izi dala, chifukwa ife ozolowera kutola bonongwe ndi chisoso tikaona masamba obiriwira ataliatali m'paki timayamba kuganiza za ndiwo.

Pogula mankhwala azitsamba ku Britain, yang'anani chizindikiro cha THR pa paketi. Chimasonyeza kuti bungwe la boma loyang'anira mankhwala la MHRA laona kapangidwe ndi chitetezo chake, koma sichitanthauza kuti mankhwalawo amachizadi. Mukamwa mapiritsi anu a ayironi aja kwa milungu inayi, pemphani akuyezeninso hemoglobin, ndipo ikakwera pitirizani kumwa kwa miyezi ina itatu kuti nkhokwe ya ayironi, imene amaiyeza ndi ferritin, idzadze.