Dziko la intaneti, makatuni a zidole

Wowerenga wina wandilembera imelo: "Ku Estonia anthu akhala akuvota pa intaneti kuyambira 2005. Nanga bwanji makatuni awo akadali a zidole, ng'ombe ndi ziphona za m'nthano? Si kutsalira kumeneko?"

Ayi ndithu, ndipo nkhani yake inayambira patali. Mu 1957 Elbert Tuganov anayambitsa Nukufilm, situdiyo ya makatuni a zidole, ku Tallinn, likulu la Estonia, komwe mpaka lero amasuntha mkono wa chidole pang'ono, kujambula, kusunthanso, tsiku n'kutha atapeza masekondi ochepa chabe. Mu 1971 Rein Raamat anatsegula Joonisfilm, situdiyo ya makatuni ojambula pamanja. Nthawiyo dzikolo linali m'manja mwa Soviet Union, filimu inkadikira chilolezo cha akuluakulu a ku Moscow, ndiye kunena poyera kuti "ndife mtundu patokha" kunali kuputa mavu. Ojambula anaphunzira kuphiphiritsa.

Onani filimu ya Suur Tõll, imene Raamat anatulutsa mu 1980. Chiphona cha pachilumba cha Saaremaa chikumenyana ndi adani obwera mpaka kudulidwa mutu. M'nthano yake, chimalonjeza kuti chidzadzuka anthu ake akadzavutikanso. Woyang'anira mafilimu akanati ndi nthano ya ana. Oonera ku Tallinn ankadziwa amene akunenedwa.

Ufulu utabwerera mu 1991 luso lophiphiritsalo silinatayidwe, linangopeza wina womunena. Mu 1992 Priit Pärn, mu filimu yake ya Hotel E, anaika chipinda chotuwa choimira maiko a Kum'mawa kwa Ulaya pafupi ndi chipinda chowala choimira maiko a Kumadzulo, koma anthu a m'chowalacho ali ngati ogona. Kwa ine apa ndi pomwe funso lanu layankhidwa: mtundu wa anthu pafupifupi 1.3 miliyoni umaopa kumezedwa, kaya ndi akasinja kaya ndi zokoma za msika wa dziko lonse.

Komanso zidole ndi intaneti si adani. Vanamehe film, filimu ya zidole ya 2019, inachokera ku timakatuni toonetsedwa pa intaneti. Ana a m'tauni apita kwa agogo kumudzi, ng'ombe yathawa, ndipo ikapanda kukamidwa msanga bere liphulika. Nthabwala zake n'zolaula ndithu, musaonere ndi apongozi. Koma nkhalambayo ndi ya kumudzi wa ku Estonia, imalankhula Chiestonia, ndipo opanga filimuyo sanaisalaze kuti ikome kwa alendo.