Chinagwetsa chisankho cha 2019 ndi chiyani, mademo kapena khoti?

Achimwene, mwafunsa ngati kupita kumsewu kumathandizadi chisankho chikasokonekera, poti mu 2019 anthu anayenda miyezi yambirimbiri koma pulezidenti anakhalabe pampando. Chimene chinagwetsa chisankho chija ndi mapepala amene anafika m'khoti. Mademo anagwira ntchito yawo, yofunika ndithu, koma inali ina.

Tinavota pa 21 Meyi 2019. Pa 27 Meyi bungwe loyendetsa zisankho la MEC, pansi pa mayi Jane Ansah, linalengeza kuti a Peter Mutharika apeza 38.57 peresenti, a Lazarus Chakwera 35.41, a Saulos Chilima 20.24. Kusiyana kwa awiri oyambawo kunali mavoti pafupifupi 159,000, ndipo mawa lake a Mutharika analumbira. Lamulo linkapereka masiku 7 okha kuchokera pa tsiku lolengeza kuti wodandaula akhale atatula nkhani ku High Court. Chipani chimene chimayamba kufunafuna umboni zotsatira zitatuluka kale chimakhala chachedwa.

Umboniwo umabadwira pamalo oponyera voti, usiku wowerenga. Malo amenewa analipo 5,002, ndipo paliponse pamadzazidwa fomu ya zotsatira, ya upulezidenti inkatchedwa 66C. Monita wa chipani ali ndi ntchito zoti asaphonye: aone kuti mapepala ovotera amene anabwera akufanana ndi ogwiritsidwa ntchito, oonongeka ndi otsala mukawaphatikiza, awerenge manambala asanasaine, alandire kope lake, alijambule pafoni nthawi yomweyo n'kulitumiza. Akaona cholakwika alembe dandaulo pomwepo, asangolongolola pakamwa. Apa ndi pamene zipani zimagwera kawirikawiri. Monita wafika 5 koloko m'mawa, sanadye, alawansi sanapatsidwe, tochi alibe, foni yatha moto. Ikamakwana pakati pa usiku wasaina fomu yosadzaza n'kupita kwawo. Pepala likasinthidwa m'njira kupita kumalo ophatikizira mavoti, palibenso chofanizira.

Mu 2019 odandaula, a Chakwera ndi a Chilima, anali ndi zofanizira zokwanira. Anaonetsa mafomu ofufutidwa ndi tipeksi, mafomu a dupuliketi amene analowa m'malo mwa enieni, ena osasainidwa, ena manambala osagwirizana. Anaonetsanso kuti madando 147 amene MEC inalandira sanayankhidwe mwa dongosolo. Mlanduwo unamvedwa ku Lilongwe kuyambira Ogasiti mpaka Disembala ndi majaji asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Michael Tembo, ndipo unkaulutsidwa pa wailesi ndi omasulira m'Chichewa. Kuulutsako ndimakuona ngati chinthu chachikulu kwambiri, chifukwa munthu wa kumudzi ankadzimvera yekha mboni ikupanikizidwa ndi mafunso, osadikira kuuzidwa ndi wandale. Pa 3 Febuluwale 2020 anawerenga chigamulo cha masamba pafupifupi 500 tsiku lonse: zolakwika zinali zochuluka ndi zofalikira moti zotsatira sizikanadalirika, chisankho chichitikenso pasanathe masiku 150, ndipo wopambana azipeza mavoti oposa theka, chija timati 50+1.

Tsono mademo anathandiza chiyani? HRDC, gulu la omenyera ufulu wa anthu limene linkakonza mademowo motsogozedwa ndi a Timothy Mtambo ndi a Gift Trapence, inachititsa kuti nkhaniyi isazizire. Milandu ya zisankho imakonda kufera m'kachetechete, wolumbirayo akulamulira, anthu atatopa. Apa sizinatheke. Majaji ankadziwa kuti dziko lonse likuyang'ana, ndipo pamene kunamveka zoti wina akufuna kuwapatsa ziphuphu, a Andrew Nyirenda, mkulu wa makhoti, anakatula nkhaniyo ku ACB, bungwe lolimbana ndi katangale. Chinanso n'chakuti asilikali a MDF pansi pa General Vincent Nundwe ankateteza anthu oyenda mumsewu m'malo mowabalalitsa. Popanda zimenezo magazi akanakhetsedwa ambiri.

Kwa ofuna kukonza zionetsero, gawo 38 la malamulo oyendetsera dziko limapereka ufulu wosonkhana mwamtendere, opanda zida. Lamulo la apolisi limati mudziwitse DC mwa kalata kusanatsale maola 48. N'kudziwitsa, si kupempha chilolezo. Kenako mumakhala pansi ndi DC ndi apolisi kugwirizana njira, nthawi ndi kumene chikalata chikaperekedwe. Mufunika otsogolera gulu okwanira ovala zodziwika, kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo, chifukwa kuba ndi kuotcha kumayambira kumchira kapena pobalalika madzulo. Katundu akaonongeka, eni ake akhoza kusumira okonza mademowo. Ndipo musayandikire nyumba za boma za pulezidenti popanda chilolezo: mu Malichi 2020 atsogoleri a HRDC anamangidwa atalengeza zokatseka State House.

Mtengo wake unali wowawa, tisabise. Masitolo anathyoledwa, maofesi anatenthedwa, amalonda ang'onoang'ono anataya mpamba. Ku Msundwe mu Okutobala 2019 wapolisi Usumani Imedi anaphedwa ndi miyala, ndipo apolisi amene anapita kumeneko pambuyo pake anagwirira ndi kuzunza amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu. High Court inalamula mu Ogasiti 2020 kuti 18 mwa iwo apatsidwe chipepeso. Amayi amenewa sanali mbali ya mlandu wa chisankho, koma ndiwo anasenza katundu wolemera koposa.

Nthawi imene ambiri amaiwala ndi ya pakati pa chigamulo ndi chisankho chatsopano. Kupambana m'khoti sikutanthauza kuti wogonjayo agonjera. A Mutharika ndi MEC anachita apilo, ndipo Supreme Court inakana apiloyo pa 8 Meyi 2020. Mu Malichi pulezidenti anakana kusaina mabilu a zisankho amene Nyumba ya Malamulo inavomereza, n'kuchotsanso General Nundwe. Mu Juni boma linayesa kutumiza a Nyirenda kutchuthi chodikira kupuma pantchito, koma makhoti analetsa, maloya nawo n'kuyenda mumsewu atavala mikanjo yawo. Mayi Ansah anatula pansi udindo mu Meyi, ndipo a Chifundo Kachale analowa kutatsala milungu iwiri yokha kuti tivote pa 23 Juni 2020.

Lamulo la 50+1 ndilo linakakamiza MCP ya a Chakwera ndi UTM ya a Chilima kulowa mu Tonse Alliance ya zipani 9, ndipo a Chakwera anapambana ndi mavoti oposa 58 peresenti. Lamulo lomwelo linagwiranso ntchito pa 16 Sepitembala 2025, pamene a Mutharika anabwerera pampando ndi mavoti oposa 56 peresenti, a Chakwera n'kuvomera kugonja zotsatira zisanalengezedwe.