Chifukwa chake amasintha pamwamba pa titanium dioxide poyeretsa madzi

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene akatswiri amamatira siliva kapena kulowetsa nayitirojeni pa ufa woyera wotchedwa titanium dioxide asanauthire m'madzi oipitsidwa ndi utoto kapena mankhwala a m'minda. Ufawu umayeretsa madzi ukadzutsidwa ndi kuwala, koma pawokha umadzutsidwa ndi kuwala kwa UV kokha (kuwala kosaoneka ndi maso), komwe ndi pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse a kuwala kwa dzuwa, ndipo ambiri mwa ma electron odzutsidwawo (tinthu ting'onoting'ono ta mu ufawo tonyamula mphamvu ya magetsi) amabwerera m'malo mwawo msanga, mphamvu n'kutayika tisanapangike tinthu totchedwa hydroxyl radical, tomwe timaphwanya mankhwalawo. Timadontho ta siliva timagwira ma electron aja kuti asabwerere, pomwe nayitirojeni amathandiza ufawo, umene umasanduka wachikasu pang'ono, kugwiritsanso ntchito kuwala kooneka ndi maso. Siliva akachuluka amaphimba ufawo ndipo ntchito imachepa.

Kuno ku Mulanje, ine ndikuona kuti chovuta kwambiri ndi matope. Madzi a mumtsinje wa Ruo m'dzinja amakhala ofiira moti kuwala sikufika pa ufawo, choncho ayenera kuyamba asefedwa. Masiku a chiperoni ntchitoyi imachedwanso.