Mlambe ndi Mlalang'amba pa chithunzi chimodzi

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mbale wathu wina wa ku Salima. Akuti kuseri kwa nyumba ya agogo ake kuli mlambe waukulu, ndipo usiku nyenyezi zimangoti waliwali pamwamba pake. Wayesa katatu kujambula ndi kamera yake ya Canon ya lenzi ya 18-55mm, koma pachithunzi pamangotuluka mdima bii, apo ayi nyenyezi zimaoneka zofufuma ngati madontho a phala. Ndiye akufunsa kuti, kodi ndigule kamera ina?

Achimwene, ndalamazo sungani. Kamera muli nayoyo ndi yokwanira. Chofunika kusankha bwino ndi usiku wake.

Mwezi ukakhala wathunthu umaphimba nyenyezi zing'onozing'ono zonse, Mlalang'amba, mzere woyera wa nyenyezi zambirimbiri wodutsa kuthambo uja, osaoneka n'komwe. Kuchokera pamdima kufika pamdima wina pamatenga masiku 29 ndi theka, choncho mwezi uliwonse muli ndi sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono ya mdima wabwino. Nyengo yake ndi yachisanu, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mitambo ya dzinja itapita. Mukachedwa kufika Seputembala ndi Okutobala, utsi wa moto wolusa m'tchire ndi fumbi zimachititsa thambo kuti mbuu, nyenyezi za m'munsi n'kuzimirira.

Ifetu kuno tili ndi mwayi womwe anzathu a ku Ulaya amausirira. Pakatikati pa Mlalang'amba, pomwe pali powala kwambiri, pamadutsa pafupifupi paliwombo pathu, pomwe iwo amangopaona m'munsi mwenimweni chakummwera. Koma mwayi womwewu uli ndi vuto lake kwa inu amene mukufuna mlambe ulowe nawo. Pakati pa Julaye, cha m'ma 10 koloko usiku, malo owalawo amakhala pamwamba penipeni, ndipo lenzi ya 18mm singatenge mtengo ndi thambo la pamutu nthawi imodzi. Mu Meyi ndi kumayambiriro kwa Juni imani kumadzulo kwa mtengowo, muyang'ane kuvuma cha m'ma 8 kapena 9 koloko, muupeza Mlalang'amba ukungotuluka kumene. Kumapeto kwa Ogasiti tembenukirani kumadzulo, mudikire pakati pausiku. Pulogalamu yoonetsa malo a nyenyezi ya Stellarium ikuonetsani zonsezi mukadali kunyumba.

Za manambala sindichulukitsa. Kamera ikhale pa M (pomwe mumatchera zonse nokha), lenzi pa 18mm, kabowo kolowera kuwala pa f/3.5, ISO (mphamvu yokokera kuwala) pa 3200, masekondi 15, ndipo mujambule RAW (mtundu wa faelo wosunga zonse zomwe kamera yaona). Masekondiwo ali ndi chifukwa: dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndiye mukatsekula nthawi yaitali nyenyezi zimasanduka timizere. Ojambula amagawa 500 ndi kutalika kwa lenzi; pa kamera ngati yanu 18 mumayamba mwachulukitsa ndi 1.6, yankho n'kukhala masekondi 17, omwe simuyenera kupitirira. Kamera isagwedezeke ngakhale pang'ono. Ngati tripod (choikapo kamera cha miyendo itatu) mulibe, thumba la mchenga pamwamba pa mtondo wovundikira likugwirirani ntchito, ndipo muike timer ya masekondi 2 kuti chala chanu chisaigwedeze.

Madontho a phala aja ndi nkhani ya focus, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwera mphwayi. Mumdima kamera siitha kudzipezera yokha poyang'ana, imangosakasaka. Sunthani kabatani ka pa lenzi kuchoka pa AF (kamera kudzipezera yokha) kupita pa MF (kupotoza ndi dzanja). Yatsani sikirini yakumbuyo, lozani nyenyezi yowala kwambiri, muikulitse ka 10. Kenako potozani mphete ya kutsogolo pang'onopang'ono. Muona kadontho kakufufuma, kakuchepa, kakufufumanso. Bwererani pomwe kanachepetsetsa ngati nsonga ya singano, basi musakhudzenso. Ine ndimamatapo kachidutswa ka tepi. Ndipo muime mamita 10 kapena kuposa kuchokera pamtengo, kuti nawonso uoneke bwino.

Tsopano mlambewo. Usiku wa mdima weniweni mtengowo udzatuluka wakuda, nthambi zake zopanda masamba zitatambalala pakati pa nyenyezi, ndipo kunena zoona ine ndimaukonda choncho. Koma ngati mukufuna khungwa lake lioneke, pali njira ziwiri. Ena amauwalitsa ndi tochi. Mukatero, musaime kumbuyo kwa kamera. Pitani chapambali, kulungani tochiyo ndi mpango woyera, muyendetse kuwalako pathunthu masekondi 2 okha. Kupitirira apo mtengo umayera ngati wopakidwa laimu. Njira imene ndimaikhulupirira ndi mwezi waung'ono, wa masiku atatu kapena anayi chiwonekere. Kuwala kwake n'kofatsa, kumagwera mtengo, udzu ndi madenga mofanana, nyenyezi osazimirira. Mu Meyi kamweziko kamakhala kumadzulo, kumbuyo kwanu, inu mutayang'ana kuvuma. Zimagwirizana bwino kwambiri, kungoti kamalowa msanga, ndiye musachedwe ndi nsima.

Chinthu china chomwe chinandiwawa: usiku wina wa mu Juni pa phiri la Zomba zithunzi zoyamba zinali bwinobwino, koma patatha ola nyenyezi zinayamba kuchita chifunga. Ndinavutika ndi focus nthawi yaitali, kenako nditaunika ndinapeza galasi lonse lanyowa ndi mame. Kufupi ndi nyanja kwanuko chinyontho n'chambiri, choncho muzisuzumira lenzi pafupipafupi, kansalu kofewa kali m'thumba. Batire nalonso limatha msanga kukazizira. Lapadera muliike m'thumba lamkati la jekete.

Mukafika pamalopo zimitsani foni, mukhale chete mphindi 20 kuti maso azolowere. Agogo muwapemphe aphimbe nyali ya sola ya pakhonde, chifukwa pa masekondi 15 ngakhale kababu kamodzi kamayeretsa bwalo lonse. Ndipo mukatha za mlambe, tsiku lina mudzatsikire ku Senga Bay nthawi yomwe asodzi a usipa ayatsa nyali zawo pamadzi, mudzayese manambala omwewa, koma ISO muitsitse kufika 1600 kuti nyalizo zisawale mopitirira pachithunzi. Chikatuluka munditumizire, ndikufuna ndiuone mlambewo.