Kagalimoto ka dizilo sikakuchotsani pa mzere, achemwali

Imelo ya achemwali ena a ku Area 25 yakhala mu foni mwanga masabata awiri osayankhidwa. Akuti achimwene awo a ku Leicester, ku Britain, akufuna awatumizire kagalimoto ka dizilo komwe akapeza motchipa, ndipo awauza kuti sikamwa mafuta, komanso kuti dizilo sasowasowa ngati petulo. Iwo amagwira ntchito ku City Centre, kupita m'mawa kubwerako madzulo, basi. Ndiye akufunsa ngati avomere.

Achemwali, ndachedwa dala. Mawu akuti "sikamwa mafuta" ndi omwewo anandikola ine mu 2019, ndipo ndimati ndikayamba kulemba mtima umayamba wathamanga kaye.

Kanga ndinagula kwa msuweni wanga amene anakaitanitsa ku Britain, nkudzera pa doko la Dar es Salaam, kulowera pa Songwe. Injini ya 1.5, magiya osintha ndi dzanja, thanki ya malita 45. Nthawi imeneyo ntchito inkandipititsa ku Blantyre kawiri pa mwezi, ndipo kagalimoto ka petulo kamene ndinali nako kankandidya wamoyo. Ulendo woyamba sindidzauiwala. Ndinadzazitsa thanki ku Lilongwe Lolemba m'mamawa, ndinakwera zitunda za ku Dedza osatsitsa giya, kupitirira mathilaki ngati aima, ndinakafika ku Blantyre kamuvi ka geji katangosuntha pang'ono. Lachinayi ndinabwerera osaima pa filing'i iliyonse. Makilomita opitirira 600, ndipo pofika pa Bunda Turn-off mafuta anali adakali pamwamba pa kota. Ku ofesi anatopa nane. Aliyense wondipatsa moni ndinkamuuza za makilomita 20 pa lita. Mayi a kunyumba anachita kundiuza kuti ngati ndikukakonda choncho ndizikagona komweko m'galaja.

Ndiye sindikunena kuti achimwene anu akunama. Pa msewu wautali kamasungadi mafuta. Lita ya dizilo ili ndi mphamvu zambiri kuposa ya petulo, ndipo injini yake imapanikiza mpweya kwambiri, mafuta nkuyaka okha popanda ma plug othetheka moto, motero zochepa zimapita pachabe. Zimenezo nzoona ku Leicester, nzoonanso ku Linthipe.

Phunziro loyamba linabwera pasanathe miyezi itatu. Ndinaima pa filing'i ina kuno ku tauni, ndili pa foni, nditsitsa windo, "ya 20 pin, aise". Mnyamatayo anaona kagalimoto kakang'ono, mutu wake unati petulo. Sindimamudandaula kwenikweni, poti tsiku lonse amamwetsa ma Vitz, ma Passo, ma Sienta, ndipo dizilo kwa iye ndi wa ma Hilux ndi mabasi. Chimene anthu ambiri sadziwa nchakuti mlomo wa paipi ya dizilo ndi waukulu, sulowa pa thanki ya petulo, koma wa petulo ndi wochepa, umalowa pa thanki ya dizilo bwinobwino osakana. Chinandidzutsa ndi fungo. Ndisanatsegule nkomwe chitseko, bambo wina wachikulire wa pa pampu ya pafupi anakuwa, "Musalize! Bwana, chotsani dzanja pa kiyi!" Tinakakankha anthu anayi mpaka kuseri, kufupi ndi pomwe amapopera matayala, ndipo madzulo onse anathera pokhuthula thanki m'mabeseni. Bambo uja ndinawagulira Fanta, koma ndikaganiza lero anayenera mbuzi. Pampu ya injini ya dizilo imadalira dizilo yemweyo kuti izitereramo, petulo amaiumitsa, zitsulo nkuyamba kudyana. Ndikanangoliza, tikanakamba zina. Kuyambira tsiku limenelo ndimatsika, kuima pambali pa womwetsayo ngati kapitawo, nkunena kuti "dizilo" katatu, ngakhale pa chivundikiro pali kale chipepala chomwe ndinamatapo.

Tsopano ku nkhani yoti dizilo sasowa. Achimwene anuwo anachoka liti kuno? Chifukwa amene analipo mu 2011, chaka cha zionetsero za pa 20 July, akukumbukira mabasi ndi mathilaki atagona m'mafiling'i masiku angapo. Amene analipo mu 2022 sangayankhule choncho ngakhale ataledzera. Petulo ndi dizilo onse timagula ndi madola omwewo amene dziko lilibe, onse amadzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, onse amaitanitsidwa ndi makampani a NOCMA ndi PIL, mtengo nkuikidwa ndi a MERA. Madola akasowa, sasankha kuti uyu ndi wa dizilo timusiye.

Chilungamo chake, alipo masiku amene ndinadyerera. Petulo atasowa, mzere wa ma Sienta ndi njinga zamoto za kabaza utakhota mpaka kuseri kwa msika, ine nkudutsa pambali pang'onopang'ono ngati nduna, kukaima pa pampu ya dizilo popanda munthu. Maso amene ankandiyang'ana anthu aja! Koma sabata inayo zinkatembenuka, ndipo mzere wa dizilo si mzere wa anthu ngati inu ndi ine. Kutsogolo kwanu kuli thilaki ya matanki awiri imene imwe malita mazanamazana payokha. Kuli basi ya ku Mzuzu. Kuli mwini chigayo wochokera ku Mitundu ndi migolo yake, kuli anyamata a kampani atanyamula zigubu za jenereta. Chaka cha 2022 chimenecho namondwe Ana anali atagumula damu la Kapichira mu January, magetsi ankazima maola ambirimbiri, ndiye aliyense wa jenereta yaikulu anali pa mzere womwewo. Ukamawerenga galimoto umati ndine wa nambala 15, ndimwa. Ukawerenga malita, thanki ya pansi yauma usanafike. Ndinagonapo kawiri m'kagalimoto kameneka, mpando nditaugoneka, udzudzu ukuimba, pakati pa mathilaki awiri ngati mwana wa nkhuku pakati pa ng'ombe. Usiku wachiwiri dalaivala wa thilaki ya kutsogolo, bambo a ku Mulanje, anandigawira nsima yomwe anaphika pa mbaula pansi pa thilaki yawo, ndipo mpaka lero timalonjerana pa WhatsApp. Mzere uli ndi ubale wake, koma ameneyo si ubale woti munthu nkuugulira galimoto.

Ndipo ndinene pano, poti zimandiwawa: magulu a pa WhatsApp olozerana mafuta aja anadzadza ndi anthu a petulo. Wina akalemba kuti "yafika pa Area 18", inu thamangani, mukapeza ndi petulo. Ukafunsa kuti nanga dizilo, amakuyankha patatha ola, "sindinayang'ane".

Tchimo langa lenileni ndinalichita mu November chaka chomwecho. Kunagwa maliro kwathu ku Ntcheu, a malume, ndipo ine ndiye mphwawo wamkulu, sikukanatheka kutumiza chipepeso pa foni. Geji inali pansi pa kota. Ndinanyamuka choncho, ndi chikhulupiriro chija cha makilomita 20 pa lita, ndipo ndinafikadi. Pobwerera ndi pomwe panalibe nzeru ina. Mukudziwa chigawo chija msewu umayenda m'malire, kuno Malawi uko Mozambique, anyamata ataimika zigubu zachikasu m'mbali mwa msewu. Ndinagula malita 20. Mnyamatayo anadula botolo la pulasitiki kukhala fanulo, nkuyalapo kansalu kakuda ndi litsiro, nkumathira akuyang'ana uku ndi uku. Mphuno yanga inamva ka fungo ka palafini. Ndinafunsa, iye anati, "Bigi, uyu ndi wa ku Beira weniweni, ma Hilux onsewa akumwa yemweyu." Ndipo mwina sankanama. Hilux yakale, Land Cruiser ya mishoni, injini ya chigayo, zimenezo zimameza chilichonse nkumapita. Tinjini tatsopanoti ndi tina. Timaponya mafuta mu injini ndi mphamvu yopitirira ma bar 1,500, pomwe tayala lanu mumapopa ma bar awiri okha, kudzera m'timabowo tosaoneka bwino ndi maso. Kadontho ka madzi, kamchenga, palafini wosaterera, zonsezo ndi poizoni.

Sabata isanathe kanayamba kunjenjemera m'mawa, utsi woyera, kenako nyali ya injini pa dashibodi. Makaniko woyamba ku Biwi anamvetsera ndi khutu, nkunena motsimikiza kuti ndi ma heater plug, otenthetsa injini poiliza ikazizira. Tinasintha. Palibe. Wachiwiri anati fyuluta. Tinasintha, inalidi ndi madzi pansi pake, koma kunjenjemera osasiya. Wachitatu ndiye anali ndi kompyuta, anailumikiza, nkupukusa mutu: mainjekita awiri, timipopi toponya mafuta mu injini, apita. Ndinazungulira Malangalanga yense, shopu ndi shopu, nditanyamula injekita m'jumbo. Aliyense ankaitembenuza, "ya galimoto yanji iyi?", nkundibwezera. Za Vitz zinali mbwee, mpaka kusankha. Zanga zinachokera ku Johannesburg pa basi patatha masabata asanu, ndipo ndalama imene ndinalipira, kuphatikiza amakaniko atatu aja ndi minibasi za masabata asanuwo, inameza zonse zimene ndinkadzitama kuti ndasunga kuyambira 2019.

Apa ndiye ndiyankhule mosapsatira, ndipo achimwene anu andikhululukire. Abale athu a kunja amatikonda, koma ambiri amatitumizira galimoto zoyenera misewu yawo ndi matumba awo, osati moyo wathu. Kagalimotoko katchipa pa chifukwa. Kuyambira 2019 mzinda wa London umalipiritsa galimoto zakale za dizilo tsiku lililonse zikalowa m'katikati mwa mzinda, mapaundi 12.50, ndipo mu 2023 anakuza dera lake kufika pafupifupi mzinda wonse. Birmingham nayo inayamba zofananazo mu 2021. Galimoto ya dizilo yopangidwa chisanafike chaka cha 2015 eni ake akuithawa. Onjezerani mchere umene amathira m'misewu nthawi ya chisanu, umene umadya galimoto kunsi mwakachetechete. Kanga nditakakweza pa dzenje koyamba, makaniko anagogoda ndi sipanala, dzimbiri nkumagwa ngati makoko a mtedza.

Za DPF, poti vuto lanu lenileni ndi limeneli

Galimoto za dizilo za ku Ulaya zopangidwa cha m'ma 2010 kubwera kuno zili ndi sefa mu ekizozi yogwira mwaye, imene amaitcha DPF. Sefayo ikadzadza, galimoto imayenera kuiwotcha yokha, kutentha kwake cha m'ma digiri 600, ndipo zimenezi zimatheka bwino injini ikatentha nkuthamanga mosalekeza kwa mphindi 20 kapena kuposerapo. Tsopano taganizani ulendo wanu. Kutuluka Area 25, kukwawa pa mdipiti wa m'mawa, giya wani, giya thu, buleki, kufika ku City Centre injini itangoyamba kumva kutentha, nkuzimitsa. Madzulo chimodzimodzi. Kuwotcha kuja kumayamba nkudukira panjira, mawa kuyambanso nkudukanso. Dizilo wina amatsikira mu oyilo. Pakapita miyezi nyali imayaka, galimoto imakana kuthamanga, ndipo ku galaja akuuzani kuti "tingoichotsa, bwana, onse timatero". Amaboola sefayo, nkunamiza kompyuta. Kamayendadi, koma mwana wa sukulu amene waima pa siteji kumbuyo kwanu ndi amene amapuma mwayewo, ndipo ine zimenezo ndinakana.

Mankhwala ake enieni ndi kukathamangitsa, kupita ku Salima Loweruka nkubwerako. Makilomita 200 owotcha mafuta kuti musunge mafuta. Komanso m'tauni kanga sikapanga 20 ija, kamapanga 14, mwina 13 kukakhala mdipiti.

Masamu ake ndinawachita mu November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, a MERA nkuika petulo pa K2,530, dizilo pa K2,734. Onani, dizilo ndiye anali wodula. Ulendo wa ku Blantyre, makilomita 310, kanga malita 16, pafupifupi K43,700. Ka petulo ka mnzanga wa ku ofesi, koyenda 15 pa lita, malita 21, K53,100. Kusiyana K9,400 ulendo umodzi. Kwa ine woyenda kawiri pa mwezi, kupita ndi kubwera, zinali ndalama. Kwa inu, amene mwina ku Blantyre mumapita pa ukwati kamodzi pa chaka, sindikuona pomwe zingakwanire ngakhale oyilo wake, poti safuna oyilo wamba wa pa shelefu, amafuna wosasiya phulusa lambiri chifukwa cha sefa ija. Mitengo yakwera kuchokera nthawi imeneyo, ikani ya lero muone nokha.

Ndiye yankho, achemwali: musavomere. Athokozeni bwino achimwene, muwapemphe atumize ndalamazo, mugule ka petulo ka ku Japan ka injini ya 1.0 kapena 1.3, kamene makaniko aliyense pansi pa mtengo amakadziwa. Ngati agula kale ndipo kali pa sitima, auzeni aikemo mafyuluta a mafuta atatu kapena anayi ndi mabuku ake a sevisi, inu mupeze makaniko wa kompyuta kasanafike, musamalole geji kutsika pansi pa kota chifukwa ka dizilo kakauma kamakoka mpweya nkuvuta kuliza, ndipo chigubu cha m'mbali mwa msewu ayi, ngakhale pa maliro. Kwerani basi.

Kanga kadakalipo. Mayi a kunyumba amafunsa mwezi uliwonse kuti tikagulitsa liti, ine ndimati tione kaye mvula ikatha. Loweruka lino tikupita ku Ntcheu kukaika chiliza cha a malume aja, ndipo geji ili pa hafu, yokwana kupita ndi kubwera.