Ulusi wanu akugula si agogo okha

Funso: Alangizi, ndimagulitsa ulusi ndi singano zolukira. Miyezi itatu yapitayi ndinayamba kulipira Facebook kuti izionetsa malonda anga. Posankha oti aziona, ndinaika amayi a zaka 45 mpaka 65, poti ndi amene ndimawadziwa kuti amaluka. Ndalama zapita, ogula ndi owerengeka. Chondidabwitsa n'chakuti kavidiyo kamene mwana wanga anaika pa TikTok, koonetsa manja anga ndikuluka chipewa, kandibweretsera atsikana a ku koleji, ngakhalenso anyamata awiri. Ndalakwitsa pati? Ndisiye kulipira? Ndine mayi wogulitsa ulusi.

Yankho: Zikomo mayi. Kulipira musasiye kaye, koma malire a zaka aja muwachotse. Munalakwitsa pamene ambiri timalakwitsa: munawauza makina a Facebook osankha oti aone malonda anu munthu amene ali m'mutu mwanu, chikhalirecho iwo akumudziwa kale munthu amene amalukadi.

Kugawa makasitomala potengera zaka komanso kuti ndi amuna kapena akazi kunabwera chifukwa chosowa pogwira. Nyuzipepala, wailesi ndi TV sizinkatha kudziwa owerenga ndi oonera mmodzimmodzi, ndiye zinkangoyerekeza kuti pulogalamu iyi amaonera ndi amayi, iyo ndi achinyamata. Ku America kampani ya Nielsen yakhala ikuwerengera oonera TV kuyambira m'ma 1950, ndipo kwa zaka zambiri otsatsa malonda ankalimbirana anthu a zaka 18 mpaka 49. Komatu zaka za munthu sizinali chimene wogulitsa ankafunadi kudziwa. Funso lake linali lakuti, kodi munthuyu katundu wangayu amamufuna? Zaka zinkangothandiza kulota yankho.

Masamba a mchezo salota, amaonerera. Amaona vidiyo imene munthu waimirira n'kuionera mpaka kumapeto, imene wabwereza kawiri, imene watumizira mnzake, gulu limene walowa, mawu amene wafufuza usiku tulo titasowa. M'chaka cha 2020 a TikTok anafotokoza okha mmene amasankhira mavidiyo a patsamba la For You, limene munthu amayamba kuona akatsegula TikTok. Anati zochita za munthu, monga kuonera vidiyo yaitali mpaka kutha, zimalemera kwambiri kuposa zinthu ngati dziko limene ali kapena mtundu wa foni yake. Anatinso kuchuluka kwa anthu okutsatira sikumene kumachititsa mwachindunji kuti vidiyo ionetsedwe kwa ambiri. N'chifukwa chake kavidiyo ka mwana wanu kanayenda popanda kulipira. Makinawo sanafunse kuti woonerayo ali ndi zaka zingati. Anangoona kuti anthu amene amaima akaona ulusi aimanso apa, basi n'kukapereka kwa enanso otero.

Za anyamata awiriwo musadabwe. Pa masewera a Olympics a ku Tokyo mu 2021, Tom Daley wa ku Britain, katswiri wodumphira m'madzi amene anapata mendulo ya golide kumeneko, anajambulidwa atakhala pakati pa oonerera akuluka. Anali ndi zaka 27. Akanakhala kuti akufunafuna ulusi, malire anu a "amayi a zaka 45 mpaka 65" akanamutsekera kunja kawiri, pa zaka komanso pokhala mwamuna. Oluka ali ndi mudzi wawo pa intaneti: tsamba la Ravelry lakhalapo kuyambira 2007, pa Reddit pali magulu a oluka okhaokha, ndipo mmenemo wophunzira wa zaka 19 ndi gogo wa zaka 70 amafunsana za kukula kwa singano ngati anthu a msinkhu umodzi. Pamene amayi awiri obadwa chaka chimodzi, okhala nyumba zoyandikana, wina akhoza kukhala woluka usana ndi usiku, winayo singano sanaigwirepo.

Ndiye chitani izi. Ndalama imene mumaika pa mwezi muigawe pawiri. Theka lipite ku uthenga wotsatsa malonda wakale uja monga ulili. Theka linalo lipite ku uthenga womwewo, chithunzi chomwecho, mawu omwewo, koma zaka muzitsegule kuyambira 18 kupita m'mwamba, amuna ndi akazi omwe, ndipo pa zokonda musankhepo kuluka. Musasinthe china chilichonse, chifukwa mukasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi simudziwa chimene chagwira ntchito. Zisiyeni ziyende milungu iwiri osazigwiragwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri amazimitsa uthenga tsiku lachiwiri, makina asanaphunzire n'komwe amene akuyankha.

Powerengera zotsatira ndi pamene ndikufuna mukhwimitse mtima. Ma like musawawerenge. Gawani ndalama imene mwalipira ndi chiwerengero cha anthu amene agula, mupeze kuti kasitomala mmodzi wakudyerani zingati, kenako muyerekeze ndi phindu limene mwapeza pa iye. Ngati kumupeza kukudya zambiri kuposa phindu lake, ndipo si munthu wobweranso, uthengawo ndi wokudyerani mpamba ngakhale utakhala ndi mitima zikwi. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Ndikunena izi chifukwa kukonda chinthu ndi kugula ndi nkhani ziwiri. Alipo anthu ambiri amene amaonera mavidiyo a kuluka pongofuna kupumitsa maganizo, ndipo makina amawaika m'gulu limodzi ndi oluka enieni. Wina anangodina kamodzi mwangozi, naye alimo. Apa ndi pamene mawu anu amagwira ntchito yosefa. "Ulusi wabwino, bwerani mudzagule" amalankhula kwa aliyense, ndiye salankhula kwa wina aliyense. Koma mukalemba kukhuthala kwa ulusiwo, singano yoyenera, kuchuluka kwa mipukutu yokwanira juzi ya mwana, ndiponso ngati umasuluka pochapa, wongoonerera amadutsa, woluka amaima. Mumadziwa kale mafunso amene oluka amafunsa, poti inunso ndinu mmodzi wa iwo. Chimenecho kampani yaikulu siingakulandeni.

Sindikuti zakale zonse zitayidwe. Malo akadali ofunika kwambiri kwa wamalonda wamng'ono: palibe phindu kulipira kuti akuoneni anthu amene simungathe kuwatumizira katundu, kapena amene mtengo wotumizira ungapose wa ulusiwo. Chilankhulo nachonso. Ndipo zokonda sizikuuzani za m'thumba mwa munthu. Atsikana a ku koleji aja mwina amagula mpukutu umodziumodzi, pamene mayi woluka zogulitsa amatenga katoni. Onsewo ndi oluka, koma malonda anu angaime pa wachiwiriyu. Zaka musazitenge ngati mpanda wotsekera anthu kunja. Muziziyang'ana pambuyo, mu lipoti limene Facebook imakupatsani, kuti muone amene abwera okha.

Chinthu china chimene otsatsa ambiri saganizira n'chakuti mndandanda wa zokondazo si wanu. Ndi wa eni tsamba, ndipo amausintha akafuna kapena akakakamizidwa. Mu 2019, atasumiridwa ndi mabungwe omenyera ufulu wa anthu ku America, a Facebook analetsa otsatsa nyumba, ntchito ndi ngongole kusankha anthu potengera zaka kapena kuti ndi amuna kapena akazi. Mu Januwale 2022 kampaniyi, itasintha dzina kukhala Meta, inachotsa zosankha zokhudza matenda, chipembedzo, ndale ndi mtundu wa anthu. Mu 2021 a Apple anayamba kufunsa eni iPhone ngati akulola kuti mapulogalamu aziwatsatira, ndipo a Meta ananena okha kuti kusinthako kuwatayitsa ndalama pafupifupi madola 10 biliyoni m'chaka cha 2022. Ulusi sukhudzidwa ndi zoletsa ziwiri zoyambazo, koma phunziro lake likukukhudzani: chimene chikugwira ntchito lero chikhoza kusowa mawa m'mawa popanda wokufunsani.

Choncho yambani kusunga kaundula wanuwanu. Aliyense wogula, mulembe dzina, nambala ya foni, chimene wagula ndi tsiku, mutamupempha chilolezo choti muzimutumizira uthenga katundu watsopano akafika. Pemphani ndithu, musangotenga. Maiko ambiri tsopano ali ndi malamulo oteteza zinsinsi za anthu, ndipo kasitomala wotumiziridwa mauthenga osawafuna sabwereranso. Kaundulayu akafika anthu 100 a m'dziko limodzi, Facebook imalola kumugwiritsa ntchito popanga chimene amati Lookalike Audience, njira imene inayamba mu 2013: makina amafufuza anthu ena ofanana m'zochita ndi amene anagula kale kwa inu. Kumeneko ndiye kusankha kwabwino kuposa konse, chifukwa poyambira pake ndi anthu amene anatulutsa ndalama, osati amene anangodina.

Mwana wanuyo mumupatse ntchito yeniyeni, ndipo ngati n'kotheka muzimupatsako kangachepe. Ajambule mavidiyo awiri kapena atatu pa mlungu, aafupi, oonetsa manja ndi ulusi: poyambira chipewa, pokonza pamene mwalakwitsa, posintha mtundu wa ulusi pakati pa mzere. Nkhope yanu siyofunika ngati simukonda kamera. Pansi pake palembedwe mawu amene oluka amafufuza, ndi njira yokupezerani. Mavidiyo omwewo mukhoza kuwaikanso pa Facebook ndi Instagram, ndipo imene yayenda bwino yokha popanda ndalama ndi imene muyenera kuilipirira kuti ipite patsogolo.

Ndipo m'kaundula muja muwonjezere danga limodzi. Aliyense wogula muzimufunsa kuti, "Munationa kuti?" Pakatha miyezi iwiri mudzandilembere zimene zili m'danga limenelo, tidzaone limodzi kumene ndalama yotsatsira iyenera kupita.